Chipika chikundikana m'mwamba koma pa bala ndimakweza 80, ndikulakwitsa pati?

Mwana_wa_Ndix:

Moni nonse akuluakulu a zitsulo. Ndithandizeniko nzeru apa chifukwa ine mutu waima. Ndakhala ndikunyamula zitsulo zaka zinayi tsopano, tili ndi kajimu kathu kuseri kwa nyumba kuno ku Ndirande, mukuzidziwa kale zija, mapuleti ena enieni ena a simenti oumbira m'mabeseni, benchi ya thabwa yokutira ndi chikopa cha mpando wa minibasi. Pa bala, ndodo yachitsulo yowongoka yoikako mapuleti ija, nditaimirira ndimakweza 80 kg pamwamba pa mutu katatu ndikathandizira ndi miyendo, 65 ndimakweza ndi mikono yokha osagwedeza bondo. Sikudzichemerera ayi, ndikungofuna muone pomwe ndili.

Nde chaka chatha ndinayamba kuonera mavidiyo a strongman, mipikisano ya zimphona yonyamula zinthu zolemera, pa YouTube mpaka bandulo kutha, makamaka a chimunthu chija cha ku Burkina Faso, Iron Biby, mmene amakwezera log, chinthu chonga thunthu la mtengo chokhala ndi zogwirira mkati, ngati akuponya mtolo wa udzu padenga, ndinangoti ayi ichi nafenso tikhale nacho. Tinasonkherana anyamata asanu, tinapeza chipaipi chachikulu kwa ogulitsa zitsulo zakale, wowotcherera wina anatiboolera mabowo awiri nkuika zogwirira mkati, kumapeto konse anaikako timapaipi tolowetsa mapuleti. Ife timangochitcha chipika. Tinachiyeza pa sikelo ya mavenda ogula nandolo, chopanda puleti chikulemera 42 kg.

Vuto lake ndi ili. Ndikaikako ma 10 awiri kuti chikhale 62, chikundikana. 62 yokha abale! Kuchichotsa pansi kufika nacho pachifuwa ndi nkhondo kale, ndimachikoka ndi mikono mpaka ma biceps, minofu ya kutsogolo kwa mkono, kuwawa, chikafika pachifuwa chimayamba kutsetsereka kubwerera kumimba, ndikati ndikankhe chimathawira kutsogolo ine nkumachithamangira ndi mapazi ngati ndachokera ku kachasu. Kawiri konse ndaona mdima m'maso, tinyenyezi kuti waliwali, ulendo wina ndinachita kukhala pa ndowa kuti ziphwe. Mikono nayo yachita mabala pamwamba pang'ono pa pomwe timavala wotchi, m'mphepete mwa mabowo muja mukundidya. Ndiye dzana mnyamata wina amene pa bala ndimamusiya kutali wakweza 62 yomweyo ndikuona, mpaka pano anyamata sakundimwetsa madzi.

Kodi ndi mmene zimakhalira kuti pa chipika umakweza zochepa chonchi kapena ine ndiye mphamvu zanga ndi za bodza? Ndizichita kangati pa sabata? Ndisiye kaye bala? Amene munachigwirako chinthuchi ndiuzeni.

KabazaWaLeeds:

Achimwene mtima m'malo, zimenezo chipika chimachita kwa wina aliyense wochokera ku bala. Ine kuno ku mangalande ndimapita jimu ina ya strongman ndikaweruka ku ntchito yosamalira okalamba, tsiku loyamba kugwira log ndinachita manyazi, madala ena achizungu imvi zili mbuu anandiposa ine ndili ndi chifuwa changa chonsechi. Ndinabwerera kunyumba osayankhula ndi munthu m'basi.

Nkhani yake si mapewa. Mapewa muli nawo, munthu wokweza 65 osagwedeza bondo sangalephere 62 chifukwa cha mapewa. Taganizani, bala ndi yopyapyala, ikagona pamapewa kulemera kwake kumakhala pafupi ndi khosi, kumatsika molunjika mpaka pakati pa phazi. Chipika chimene amagwiritsa ntchito kwambiri pa mipikisano chimakhala cha mainchesi 12, ngati 30 cm kunenepa kwake, ndiye pakati pake pomwe pali zogwirira pamakhala masentimita ngati 15 kutsogolo kwa chifuwa chanu. Katundu ali kunja kwa thupi. Inu mukaima njo ngati msilikali mmene mumaimira ndi bala, chipika chikukokerani kutsogolo basi, palibe kuchitira mwina, ndi chifukwa chake mukuchithamangira.

Tiyambire pansi. Chipika sitichikoka ndi mikono, timachigubuduza pathupi. Munanyamulapo thumba la chimanga la 50 kuchigayo eti? Palibe amene amalikweza ndi ma biceps, umalikweza kufika pamawondo, umakhala ngati wanjuta nalo, kulikumbatira kuti likhudze mimba, kenako chiuno ndi chimene chimaliponya mmwamba. Chimodzimodzi. Chipika chisanachoke pansi chipendeketseni pang'ono kuti zogwirira ziloze kutsogolo chapansi, chikwezeni ngati deadlift, kunyamula kuchokera pansi ndi miyendo ndi chiuno mikono ili yowongoka, mpaka chidutse mawondo, ndiye njutani nacho chigone pantchafu. Apa osathamanga. Chikokereni m'mimba mwamphamvu, chikhale pamwamba pa mchombo pansi pa nthiti, pasakhale mpata olo wolowa pepala, zigongono zili mmwamba osati zolendewera m'mbali. Kokani mpweya, ndiye imirirani mokankha chiuno kutsogolo mwaukali, chipika chimangogubuduka chokha pachifuwa, ntchito ya mikono ndi kungochipanikiza kuti chisachoke pathupi kenako kulowetsa zigongono pansi pake mwachangu. Mukamva ma biceps akuwawa dziwani kuti chinachoka pathupi inu nkumachikweza ngati curl, mopinda mikono yokha, ndipo apo mpomwe anthu amadulira msempha wa biceps, si zocheza.

Tsopano pachifuwa, apa mpamene pagona nkhani yanu yonse. Chipika chigone pachifuwa chapamwamba, chikhudze pansi pa chibwano, chifuwa mwachitukula, zigongono zaloza kutsogolo ndi mmwamba, mutu mwaubweza kumbuyo maso ali kudenga. Poyamba zimaoneka zachilendo chifukwa suona kutsogolo. Kupendekera kumbuyo kuchokere kumsana wapamwamba, pakati pa mapewa, matako mwafinya mimba mwalimbitsa, osati kuthyoka m'chiuno ayi, m'chiuno mukathyoka mudzandiuza mmawa wake pomanga nsapato. Njira yodziyesera ndi iyi: chipika chopanda puleti chili pachifuwa, masulani zala pang'ono. Chikakhala pomwepo ndiye kuti chagona pathupi. Chikayamba kutsika ndiye kuti mumachigwira ndi mikono nthawi yonseyi, ndipo mikono yatopa musanayambe nkomwe kukankha. Ndikukhulupirira mnyamata wakuposaniyo wangozipeza yekha zimenezi osadziwa, ena matupi awo amangogwirizana nacho.

Pokankha, kutsika kwa mawondo kukhale kwakufupi, mawondo atsegukire m'mbali, kulemera kuli kuzidendene, ndipo chimene muyang'anire ndi zigongono. Anthu ambiri akamatsika zigongono zimatsikanso, chipika nkugubuduka pang'ono kutsogolo, ukamadzuka mphamvu ya miyendo imapita mumphepo chifukwa chipika sichilinso pamwamba pako. Zigongono zikhale pomwe zinali. Ndiye kankhani ngati mukufuna kuchiponya kumbuyo kwa mutu, osati molunjika mmwamba, chikadutsa pamphumi lowetsani mutu pakati pa mikono. Mudzaona chikuima chokha pamwamba pa zidendene popanda kuvina nacho.

Za Iron Biby mwatchulazo, dzina lake lenileni ndi Cheick Sanou, kwawo ku Bobo-Dioulasso. Rekodi ya dziko lonse yokweza chipika inali ya Žydrūnas Savickas wa ku Lithuania, 228 kg, anaikweza 2015 ku Brazil, ndipo inakhala zaka zisanu ndi chimodzi osagwedezeka mpaka Biby anakweza 229 ku Glasgow mu 2021. Kenako 230 mu 2023, 231 mu 2024. Mwaona? Kilo imodzi imodzi, zimphona zimenezija. Ndiye inu mwalumpha kuchoka pa 42 kufika 62 tsiku limodzi nkumadabwa. Mukamaoneranso mavidiyo aja osayang'ana nkhope yake, yang'anani zigongono ndi pomwe chipika chagona, muchepetse liwiro la vidiyo muone bwino.

Gesi_ndi_Moto:

A Ndix, zonse anena a ku Leeds ndi zoona koma ine ndiyankhulako mbali yanga chifukwa kuwotcherera ndi ntchito imene ndimadyera, ndipo ndapangapo zipika ziwiri, choyambacho ndinachilakwitsa ndekha mpaka mwini wake anandibwezera. Musanadziimbe mlandu tengani tepi muyeze chipikacho. Ife owotcherera munthu akabwera ndi chithunzi cha pafoni timangoti tapanga zambiri zoterezi bwana, chonsecho sitinachionepo.

Yezani kutalikirana kwa zogwirira ziwirizo. Zipika zogula zambiri zimakhala pakati pa 60 ndi 65 cm. Zikatalikirana kuposa apo zigongono zimakana kulowa pansi pa chipika, zimangotseguka ngati mapiko a nkhuku yowamba, ndiye zonse akunena achimwenewa zoti zigongono mmwamba simungazikwanitse olo mutafuna. Kenako yezani ngati zogwirirazo zili pakati penipeni pa paipi. Wowotcherera waulesi amaziika pafupi ndi pakamwa pa bowo chifukwa mpomwe ndodo yowotcherera imafika mosavuta, ndiye chipika chikakhala mmwamba kulemera kwake konse kuli pamwamba pa manja, chimangofuna kugubuduka, manja ako nkumalimbana nacho ngati wanyamula ndowa yamadzi ndi chala. Akazilowetsanso kwambiri mkati, mkono umamira wonse ndipo m'mphepete mwa bowo mumakudula. Pakati ndi pakati basi. Muonenso ngati ziwirizo zili pa mzere umodzi, china chikapendeka pang'ono dzanja limodzi limatsogola, phewa limodzi nkumavutika.

Za mabalazo nzosavuta. Mabowo akulitseni pang'ono mbali imene ikukudyaniyo, apalepo ndi galainda mpaka posalala, ndiye pezani hosipaipi yakale yothirira maluwa, ing'ambeni mbali imodzi m'litali muiveke m'mphepete monse mumate ndi guluu wa nsapato. Olo chubu cha njinga chimagwira. Mabala achitsulo cha dzimbiri si abwino, musamazitenge ngati chizindikiro cha umuna.

Chinanso 42 kg chopanda kanthu kwa anthu oyamba ndi cholemerako. Paipi ya 30 cm, yotalika mita imodzi ndi masentimita 30, chitsulo chake chokhuthala 3 mm, imalemera pafupifupi 30 kg musanatseke kumapeto. Yanuyo ikuoneka kuti ndi yokhuthala, palibe vuto, siphwanyika, koma ndiye pangani timapuleti ting'onoting'ono ta 1 kg kapena 2, olo zidutswa za chitsulo zoboola pakati, kuti muzikwera pang'onopang'ono.

Amene mukuwerenga nkumaganiza zodula silinda ya gasi kuti mupange chipika, chonde ayi. Olo ioneke kuti inatha kalekale mumatsalira mpweya, galainda ikangotulutsa moto mwapita. Bola mtengo. Bulugamu amagwira koma dziwani kuti wamuwisi wa 30 cm wotalika mita ndi theka amatha kufika 100 kg, simumutsa, ndipo akamauma amang'ambika kumapeto ngati simunamange ndi lamba wachitsulo. Paini wouma ndiye amakhala chapakati pa zimenezo, ngati theka lake, kungoti chiswe chimamukonda, osamusiya pa dothi.

Pomaliza pezani matayala awiri mugoneke pansi, uku ndi uku, chipika chizitera pamenepo. Chimayambira pamwamba pang'ono, msana umapuma, ndipo chikakukanani mumangochisiya osaopa. Timapaipi ta kumapeto tija tikamenya simenti kangapo timapindika, mudzabweranso kwa ife ndi ndalama ina, ife sitikana.

Mjoni_011:

Aaa inu mwachulutsa sukulu apa kkkk. Zigongono, masentimita, tepi, munthu angofuna kukweza chitsulo. Aise Ndix, idya. Ndakuuza. Anthu onse amene mukuwatchulawo ndi zimphona zolemera kuposa ine ndi iwe kuphatikiza, chipika chimafuna thupi loti chigonepo, munthu wowonda chifuwa ngati thabwa chigona pati? Nsima, nyemba, mazira, usipa, soya pisi, chiponde, usiku ugone mokwanira. Ndiye umenye ma triceps, minofu ya kumbuyo kwa mkono ija: kukankha bala utagona pa benchi manja utagwira mothina, ndi ma dips, kutsika nkudzikweza ndi mikono pakati pa mipando iwiri, chifukwa manja akayang'anizana chonchija ma triceps ndi amene amamaliza ntchito pamwamba.

Ndipo ngati ukufuna kungowatseka pakamwa anyamatawo phunzira jerk, ukakankha ndi miyendo iwe nkulowa pansi pake mawondo opinda, mikono imawongoka yokha chipika chisanafike kutali. Pa mpikisano amalola, bola uimirire nacho bwinobwino mpaka woyimbira atsitse dzanja. Ine ndinawonjezera ma kilo angapo mwezi umodzi ndi njira imeneyi.

Kuno ku Joni masewerawa akwera mtengo chifukwa cha Rayno Nel, mnyamata wa konkuno amene ankasewera rugby, anawina World's Strongest Man 2025 ku Sacramento, munthu woyamba wa mu Africa kutenga chikhocho chiyambireni 1977. Ndiye Biby ku chipika, Nel ku chikho, ife a Malawi tidakali kukangana za hosipaipi kkkk. Koma za silinda ya gasi a Gesi anena zoona, osayerekeza.

MayiWaMapasa:

Achimwene a ku Ndirande, ena onse athamangira ku zigongono ndi kudya koma ine chandigwira mtima ndi mdima mukuti mumauonawo. Ine ndimagwira ntchito kuchipatala ndipo zitsulo ndimanyamulanso, chipika ndinachiyesako kochepa, ndiye ndikudziwa kamvekedwe kake. Chimene chimachitika nchoti mwakoka mpweya nkuugwira kuyambira pansi, mwalimbana nacho kufika pachifuwa, kenako chitsulo cholemera chapanikiza chifuwa, mutu mwaubweza kumbuyo khosi lapindika, ndipo mukuchedwa pamenepo kukonza mapazi mpweya uli womwe uja. Magazi obwerera ku mtima amachepa, ofika ku mutu amachepanso, maso nkuda. Anthu amakomoka nacho chipika, olo madolo a pa TV, ndipo kukomoka uli ndi chitsulo pamwamba pa nkhope si nkhani yoseka.

Muzipuma pa malo awiri. Chikagona pantchafu pumani kaye bwinobwino, palibe akukuthamangitsani. Chikafika pachifuwa tulutsani pang'ono mukokenso pang'ono, timpweya tating'ono osati kutulutsa wonse, ndiye kankhani musanathe masekondi awiri kapena atatu. Mukangoona tinyenyezi kapena makutu ayamba kulira, chitayeni kutsogolo pa matayala pompo, inu gwadani bondo limodzi. Osalimbira kuti anyamata andiseka. Ndipo pomwe mukuimapo pasakhale mapuleti omwazika kumbuyo kwanu, munthu akagwa chagada chimene chimamuvulaza ndi chimene mutu wamenya.

Komanso pitani mukayezetse BP, ndi zaulere m'zipatala za boma ndipo sizitenga nthawi. Anyamata ambiri a zitsulo amadziona ngati athanzi chifukwa cha minofu, chonsecho BP sioneka pankhope. Ngati chizungulire chikubwera olo ndi chipika chopanda puleti, kapena mtima ukugunda modumphadumpha, kapena pachifuwa pakuwawa, siyani kaye mukaonane ndi adokotala. Ndipo musamachite masana dzuwa lili pamutu musanadye kanthu, ndikukudziwani anyamata inu, kapu ya tiyi mmawa basi nkumakanyamula zitsulo 2 koloko.

A Mjoni, zoti adye ndavomera, koma soya pisi sakonza chogwirira chopindika.

WakuChipata_ZM:

Ine chipika sindinagwireko, ndangobwera kudzakumbutsa a Mjoni kuti mpikisano wa World's Strongest Man uja unafikako kwathu kuno ku Zambia kawiri, 2001 ndi 2003, ku Victoria Falls. Wa 2003 anawina Mariusz Pudzianowski wa ku Poland. Ndiye musamatiyiwale mukamawerenga za Africa kkkk. A Gesi funso langa, kodi dramu yaing'ono ya mafuta singagwire m'malo mwa paipi? Kuno paipi yaikulu kuipeza nkovuta.

Gesi_ndi_Moto:

Dramu ayi a Chipata, chitsulo chake nchopyapyala, zogwirira zimazuka ndipo ikagwa kamodzi yaphwanyika. Komanso ya mafuta kuidula ndi moto ndi ngozi yomwe ija ya silinda. Pitani ndi mtengo.

KabazaWaLeeds:

Achemwali a mapasa mwanena mfundo imene ine ndinaiphonya, ndipo ndinali pafupi kumuuza kuti aziima nacho pachifuwa nthawi yaitali kuti azolowere, monga anandiphunzitsira ine. Ndabweza. Ngati achita zimenezo chikhale chopanda puleti, masekondi ochepa, akupuma, ndipo akayezetse kaye.

A Mjoni za jerk sindikutsutsa, imagwira, koma osati pano. Munthu amene chipika chikumuthawira kutsogolo ukamuuza kuti alowe pansi pake ndiye kuti alowa pansi pa chinthu chimene sichili pamwamba pake, mapeto ake chimutera pamawondo. Ayambe wachigoneka bwino pachifuwa, push press, kukankha kothandizira ndi miyendo kuja, iwongoke, jerk ibwera yokha pakatha miyezi. Za ma triceps ndi zoona zake.

Funso lanu la kangati pa sabata a Ndix, kawiri nkokwanira, ndipo bala osaisiya. Ine ndikanakhala inu tsiku loyamba, tinene Lolemba, ndikanachita chipika chopepuka, 42 mpaka 50, kuchichotsa pansi ulendo uliwonse, kukweza, kubweza pa matayala, kuyambiranso, kawiri kapena katatu pa seti, ndiye kuti musanapume, maseti asanu kapena asanu ndi limodzi. Cholinga si kutopa, ndi kuti thupi liphunzire njira, seti iliyonse izioneka ngati inzake. Mukamaliza chitani front squat, kunjuta nkudzuka bala ili pamapewa chakutsogolo, chifukwa imaphunzitsa msana kuima katundu ali kutsogolo, ndi ma row ambiri, kukokera chitsulo kumimba mutawerama, msana wapamwamba ndiwo shelefu imene chipika chimagonapo. Lachinayi kapena Lachisanu ndiye kuchikweza pachifuwa kamodzi kokha nkukankha kanayi kapena kasanu osatsitsa pansi, maseti anayi, cholemerako pang'ono, kenako bala yanu ija ndi mikono yokha, ndi benchi yopendekeka yogwira mothina. Ngati benchi yanu ya minibasiyo sipendekeka ikani njerwa kumutu.

Muziwonjezera 2 kg, osati 20, ndipo pokhapokha ngati sabata yathayo mapazi sanasunthe pomaliza. Mapazi akayamba kuvina bwererani mmbuyo. Pa mpikisano kuno nthawi zambiri amakupatsa masekondi 60 kapena 75 kuti ukweze kambiri mmene ungathere, kuchokera pansi ulendo uliwonse, ndiye amene amawina si wamapewa aakulu nthawi zonse, ndi amene sataya mphamvu pochigubuduza. Mukafika pozolowera muzidziyesa chonchi kamodzi pa mwezi ndi wotchi ya pafoni.

Kanthu kena kakang'ono, ngati mumavala lamba tembenuzani chomangira chake chipite kumbali kapena kumbuyo, chikakhala pamchombo chipika chimakodwa pamenepo kapena chimakutsinani khungu, ine ndili ndi chipsera mpaka lero. Ndipo malaya a jezi ya mpira aja oterera ayi, valani tisheti ya thonje, yakale yomwe, chipika chimagwira bwino. Uzani mmodzi wa anyamata okusekaniwo akujambuleni cha m'mbali, osati kutsogolo, mudzaona nokha pomwe zigongono zikugwera.

Mwana_wa_Ndix:

Ndabweranso akuluakulu, pepani ndinasowa, foni inali kwa okonza. Zikomo nonse, ndinawerenga kangapo konse.

A Gesi munalosera. Nditayeza ndinapeza zogwirira zatalikirana 74 cm, ndipo zili pafupi ndi pakamwa pa bowo, china chapendekanso moti ukachiyang'ana bwino umachita kuona ndi maso. Tinachikweza pa wilibala kubwerera nacho kwa wowotcherera uja, poyamba amakana amvekere chithunzi chanu chinali chosaoneka bwino, kenako anavomera koma tinadikira masiku atatu chifukwa magetsi kunalibe, ndipo anatidyanso ndalama ya ndodo zowotcherera. Mabowo anachita kuwakulitsa chamkati kuti zogwirira zifike pa 63. Hosipaipi tinaika, yobiriwira, chipika chikuoneka ngati chavala mikanda koma mikono yapola.

Achemwali, BP ndinakayezetsa, anati ili bwino, koma anandifunsa ngati ndimadya mmawa ndinangoseka. Mdima uja sunabwerenso chiyambireni kupuma chili pantchafu, kungoti ndimaiwala, ndikatengeka ndimapezeka ndagwira mpweya kuyambira pansi ngati kale.

A ku Leeds, zomasula zala zija ndinayesa tsiku loyamba chipika chinatsika pompo mpaka pamimba, anyamata kugwa nako kuseka, ndiye ndinadziwa kuti zoona ndimachigwira ndi mikono. Vidiyo ya m'mbali ndiye inandichititsa manyazi, ine ndimadziona ngati zigongono zili kumwamba chonsecho zaloza pansi ngati ndikukankha wilibala. Masabata atatu ndakhala pa 42 ndi 46, timapuleti tinadula ku chitsulo cha sipuling'i ya lole. Dzulo ndinaba pang'ono, ndikudziwa munaletsa, ndinaika 62 ija, inakwera kawiri mapazi osasuntha, kachitatu inathawiranso kutsogolo ndinaitaya. Chimene chikundivutabe ndi kuchigubuduza, chikafika pa nthiti chimaima ndiye ndimamaliza ndi mikono, mwina chiuno ndikuchedwa nacho kapena ndikumachiika pansi kwambiri pamimba, kaya. Ndiyesa kutumiza vidiyo bandulo ikapezeka.

Vuto latsopano ndi matayala. Tinaika a galimoto yaing'ono, chipika chikatera chimadumpha nkugubuduka, Loweruka chinakamenya khoma la bafa mpaka pulasitala kugwa, alandilodi atiuza kuti chikabwerezanso tisamuke ndi zitsulo zathu zomwe. A Gesi kodi a lole ndiye abwino kapena tiunjike awiri awiri?

Gesi_ndi_Moto:

A lole ndi aatali, chipika chiyambira pamwamba kwambiri muzolowera zophweka. Omwewo a galimoto yaing'ono, koma thirani mchenga mkati mwake muyale chiguduli kapena matumba akale pamwamba, sichidumphanso. Ndipo mutembenuke, muziyang'ana kumpanda osati kubafa.